Mazira a Pasaka m'boneti, ubweya wa Garo m'kati

Zdenka, nkhalamba yanga,

Usakuwe ukamuona galu wako. Garo sakudwala, ndamumeta ndine.

Nzeruyi anandipatsa Mato, woyendetsa lole amene ndinacheza naye dzulo pothirira mafuta. Akuti likongwe amene amatafuna mawaya a galimoto amathawa fungo la galu. Kwawo amaika ubweya wa galu m'masokosi, koma ine ndawaposa! Mazira apulasitiki a Pasaka aja umafuna kutaya, ndawaboola ndi msomali wamoto, ndawadzaza ubweya n'kuwamangirira m'boneti, kutali ndi potentha. Asanu ndi awiri, ofiira ndi achikasu. Ukaone wekha, injini yatchena ngati ikupita kutchalitchi.

Kungoti mdaniyo anandiyambirira usiku. Waya wa mapulagi wadukanso, ndiye ndathamangira basi ya ku Bjelovar kukagula wina. Ndimanga lero lomwe. Loweruka ku ukwati wa mdzukulu wathu Dunja tikafika pa galimoto yathuyathu, osati kupanikizana m'ya mlamu wako n'kumamvera za bondo lake njira yonse.

Usalize injini ndisanabwere. Garo umuveke juzi yanga yakale, akunjenjemera ndiponso wandikwiyira. Pepa, kumsanako lumo linandipitirira.

Koma ndinene zoona, ndayamba kukayika. Ndikumanga nsapato pano ndakumbukira kuti nyengo yozizira yonse likongweyu ankadya m'mbale ya Garo, mwini wake ali gone pambali, akugwedeza mchira. Mwina ndangomuyalira pogona ponunkhira bwenzi lake.

Wako wosamva uja,
Vjeko