Anayamikira Zuleka, pomwe mbeta ndinali ine

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba, moti mundikhululukire ngati nkhaniyi ikudumphadumpha. Ndine mtsikana wa zaka 27. Mayi anga atamwalira ndili wamng'ono, ananditenga ndi azakhali anga a ku Mtiya, mlongo wawo wa bambo anga. Sindinganame, sanandimanepo chakudya kapena sukulu. Koma kukabwera alendo, mwana wawo Zuleka, yemwe ndi woyera khungu, ndiye ankanyamula tiyi kupita naye pabalaza. Ine ndinkatulukira khomo lakuseri kukatsuka mbale. Mlendo akafunsa za ine, azakhali ankati, "Ameneyo musavutike naye, ngwamanyazi. Kudako anatengera kwa amake." Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo.

Ndakula choncho. Paukwati kapena pasadaka mudzandipeza kumiphika, pachithunzi simudzandipeza.

Chaka chatha ndinadziwana ndi Shamsu, amene amagulitsa masitirobere ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Akamandiuza kuti amandikonda, ndimafuna kutembenuka ndione ngati kumbuyo kwanga kwaima wina.

Sabata yatha anabwera ndi amalume ake awiri kudzaonekera kwa azakhali. Ndinavala bwino ndithu, hijabu yatsopano. Koma nditangomva "Odi!", miyendo inanditengera yokha kuseri. Zuleka, mwachizolowezi, ananyamula thireyi. Shamsu anali akadali panja, akuimika njinga yamoto. Ndili kuseri kwa chitseko ndinamva mmodzi wa amalumewo akuti, "Eee, Mashallah! Mphwathuyu ali ndi diso. Ameneyu nde mkazi!" Azakhali anangoseka, osafulumira kuwakonza.

Aphungu, mbale ndinazisiya m'beseni momwemo. Ndinatulukira kumpanda n'kukakwera minibasi yopita ku Songani kwa amalume anga. Kuno sindikugona, sindikukhazikika, ndasesa bwalo mpaka amalume andilanda tsache. Foni ya Shamsu sindikuyankha. Dzulo ananditumizira uthenga wakuti, "Akuluakulu achita manyazi ndi zimene zinachitika. Abweranso Lachisanu tikatuluka mu mzikiti. Ukapanda kuoneka aziti wandikana, ndipo ine sindidzathanso kuwadzutsa kachitatu."

Ndimamukonda mnyamatayu. Koma anthu amene anaona kale Zuleka, akadzaona ine sadzagwa mphwayi? Chinalakwika n'chiyani pa ine kuti ndizidziona ngati chisanza chopondera pakhomo? Ndikaonekere, kapena ndimusiye apeze womuyenera?

W.A., Songani, Zomba


Achemwali a W.A.,

Choyamba, siyani kaye kuwerenga, muimbireni Shamsu. Munthuyo akuzunzika ndi mlandu umene sanapalamule. Mwaimba? Tiyeni tsopano.

Mwafunsa chimene chinalakwika pa inu. Palibe. Munthu sabadwa akudzinyoza, amachita kuphunzitsidwa, ndipo inu munaphunzitsidwa bwino zedi. Mwana akamaona tsiku ndi tsiku kuti malo ake ndi kuseri, amakhulupirira, makamaka wamasiye amene amaopa kuti akadandaula asowa kolowera. Kukuyerekezani ndi mnzanu, kukusekani khungu, kusakutchulani dzina pamaso pa alendo, zonsezi zimaoneka ngati nthabwala, koma zimamera mizu. Mawu amene akukuuzani kuti ndinu chisanza si anu. Ndi a azakhali anu, mwangowasunga nthawi yaitali mpaka ayamba kumveka ngati anu.

Komabe ndikudzudzuleni pang'ono. Amalume a Shamsu sanasankhe Zuleka n'kusiya inu. Anabwera kudzaona mtsikana, kunalowa mtsikana mmodzi atanyamula tiyi, mumati ayamikire ndani? Mukuti afuna wina, chonsecho nkhope yanu sanaionebe. Wosankha anali Shamsu, ndipo Zuleka amamudziwa, koma foni ikulira ndi yanu.

Nazi zochita. Mbeta amakafunsira kwa amalume, eni mbumba, osati kwa azakhali. Mwathawira pamalo oyenera mosadziwa. Akhazikeni pansi amalume anu lero, muwafotokozere zonse monga mwandifotokozera ine, ndipo alendowo awaitanire ku Songani komweko. Pakhomo pamenepo miyendo yanu sinazolowere njira yothawira. Azakhali aitanidwe mwaulemu chifukwa anakulerani, koma akakhale ngati mlendo wina aliyense.

Zuleka musamude. Nayenso anangopatsidwa thireyi ali mwana popanda womufunsa. Muuzeni mmene mwakhala mukumvera zaka zonsezi, mwina mudabwa kuti sankadziwa n'komwe. Akafuna kuthandiza Lachisanu, beseni lilipo.

Ndipo musadikire Lachisanu kuti muyambe. Aliyense wobwera kwa amalume masiku ano, ngakhale wodzapempha moto, mulonjereni ndinu, mumutchulire dzina lanu. Mawu adzanjenjemera, asiyeni anjenjemere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, palibe adzakutsekulireni.

Chenjezo langa ndi ili: ukwati si mankhwala a kudzinyoza. Mukalowa m'banja mukuganiza kuti Shamsu wangokumverani chisoni, mudzapirira zosayenera kupirira, ndipo mwana wanu wamkazi adzaphunzira kwa inu njira ya kuseri. Kusowa tulo ndi maganizo odzidawo akapitirira, kaonaneni ndi aphungu a kuchipatala, si chinthu chochititsa manyazi.

Lachisanu mukamva "Odi!", mbale zikhale zakuda momwemo. Thireyi nyamulani ndinu.

Aphungu