Dzungu la Pachitsa

Lolemba, 10 Julaye

Sadaka ya achimwene a Kefasi yatha, alendo apita, chatsala ndi mfuti. Anaigula ku Chipata ndi amalume a amayi, inapita kwa amalume a Dickson, n'kufika kwa achimwene. Mlongo wanga wamng'ono Benedict, amene tsopano ndiye mwini mbumba, akuti Loweruka tiona woitenga. Mwana wanga Wilson wayamba kale kuyenda motukula mapewa, ati mphwawo wamkulu ndi iyeyo. Munthu woti nkhuku amachita kumuphera mkazi wake.

Ine ndikuifuna. Ndalemba ndipo sindifufuta.

Lachiwiri, 11 Julaye

Ndamuuza Benedict. Ati, "Alongo, mkazi sakhudza mfuti, imazizira." Ndaseka mpaka chitenje kumasuka.

Lachitatu, 12 Julaye

Chinsinsi ichi chandiyabwa ngati chitedze zaka makumi atatu, lero ndichikande. Achimwene ng'ala inawagwira kalekale, koma dzina la ulenje sankafuna kulitaya. Ndiye m'mamawa iwo patsogolo ndi mfuti, ine pambuyo ndi nkhwangwa ngati wokatema nkhuni. Tikafika kudambo la ku Kapondo ankandipatsira: "Esitere, gwira ntchito." Ine phuu. Pobwerera iwo mfuti paphewa, nkhanga m'manja, kuima pachigayo n'kumasimba mmene anazikwawira. Ine n'kumavomereza, "Eee, achimwene ndiye diso."

Anandilumbiritsa kuti ndisaulule iwo ali moyo. Za pambuyo pa maliro sitinapangane.

Lachinayi, 13 Julaye

Ndimayeserera ndi munsi kuseri kwa nkhokwe. Phewa likadalipo. Mkazi wa Wilson wandipezerera ndikuloza tambala wake, wabwerera osanena chimene anadzera.

Lachisanu, 14 Julaye

Zipolopolo zatsala zitatu. Ndamuuza Benedict kuti tiike dzungu pachitsa, wolimenya atenge mfuti. Wavomera msanga, akuona ngati andichititsa manyazi. Ati, "Mukagwa chagada musadzatinene."

Chimene sakudziwa: mfutiyi inagwa m'ngolo chaka cha njala, ndiye imaponya kumanzere. Uziloza kumanja pang'ono. Wilson ndi mwana wanga wobala ndekha, ndinaganiza zomunong'oneza. Ndaganiza, ndamaliza: sindimuuza. Nsomba ndadya ziwiri.

Loweruka, 15 Julaye

Ndikulemba uku ndikuseka.

Mudzi wonse unafika kumunda. Wilson anabwera atavala jombo ndi chipewa chobwereka. Anagwada, anatsinzina maso onse awiri, phuu. Nthochi ya a Joe, ogundana nafe malire, inagwa. A Joe ati, "Imeneyo inali ndi mkoko, mlenje."

Benedict anati ana a masiku ano, tabweretsa kuno. Phuu. Fumbi lokhalokha, dzungu lili phee ngati lili m'tchalitchi.

Ine ndinamanga chitenje, ndinavula nsapato. Pamene ndimagwira mfutiyo, azimayi ena anaphimba kumaso. Fungo la mafuta ake linandikumbutsa achimwene, ndipo diso linachita chifunga. Ndinati, Esitere, ukalira pano mfuti ipita kwa wopha nthochi. Ndinapukuta. Kumanja pang'ono.

Nthanga zinafika mpaka pa jombo za Wilson.

Benedict anati, "Alongo, mwaphunzira liti?"

Ndinati, "Nkhanga zonse unkabwira msuzi zija umati ankapha ndani? Munthu wopatsa moni chitsa?"

Anakhala pansi, anavula chipewa, anaseka mpaka misozi. Ati Lolemba tipite kupolisi ku boma, chiphaso chikalembedwe dzina langa. Mwendo wa nkhanga ati ndizimusungira monga kale.

Wilson anati, "Amayi, bweretsani ndikunyamulireni." Ndinakana. Ndinaiika paphewa, n'kudzera dala njira yapachigayo, dzuwa lili pamutu, azimayi nthungululu pambuyo. Ndisanafike pa mjigo ndinali nditasintha phewa kanayi.

Zaka zonsezi ine ndinkangoombera, sindinainyamulepo. Achimwene inu, bwanji simunanene kuti chinthuchi chimalemera chonchi?