Mabotolo a batate pansi pa bedi

Lachinayi, Febuluwale. Tsiku loipa.

Madzi a mvula alowanso m'nyumba muno mu Kanyama. Mabotolo asanu a mowa wa bulande wa ku Falansa, amene batate, malemu bambo anga, anapatsidwa ndi mzungu amene ankamuphikira, ndinawabisa pansi pa bedi kuopa maso a anzanga a ku tchalitchi. Madzi anamatula mapepala onse a mayina a pa mabotolowo. Mkazi wanga anawayanika pa waya pamodzi ndi masokosi, koma zolemba zafufutika.

Ba Phiri, amene amasunga mowa wakale wotere, anabwera kudzaona. Anangoti, "Bamdala, botolo ilibe pepala ni kachasu chabe."

Zaka makumi atatu sindinalaweko ngakhale kadontho. Tsopano sindidziwa kuti botolo limene batate ankalinyadira ndi liti, ndipo woti ndimufunse kulibe.