Mawu a Calisto m'komputadora

Lolemba, 10 Junho

Ndachimwa kawiri. Tchimo loyamba n'lakale. Amuna anga Calisto atamwalira, abale anagwirizana pa msonkhano kuti katundu wake asakhudzidwe mpaka misa ya chaka itachitika. Alamu Maria José, mlongo wake wamkulu, anakulunga okha komputadora m'nsalu yawo ya kapulana n'kuiika pamwamba pa kabati. Koma ine chiyambire Agosto ndimaitsitsa m'mawa uliwonse ndikachoka ku misa. Muli mawu ake, ankadzijambula pophunzira nyimbo za kwaya. Ndimamvera imodzi, n'kumanganso mfundo mmene anamangira alamu.

Lachiwirilo n'la lero. Kabokosi ka m'komputadoramo kofunsa tsiku lililonse kuti "Actualizar?", kutanthauza kuika sistema yatsopano, ndakadina. Ndinangotopa n'kukakaniza. Calisto ankati sistema yaulere yoyendetsa komputadorayi amaikonza anthu ongodzipereka ngati ife a kwaya, ndiye yatsopano ikatuluka osathamangira, ayambe ena apunthwa. Iye ankadikira miyezi itatu. Ine ngakhale Tikuoneni Maria mmodzi sindinadikire.

Lachiwiri, 11 Junho

Yayaka, koma si yake ija. Chithunzi cha munda wathu wa mbatatesi ku Chimbonila chachoka, m'malo mwake aikamo mizeremizere yofiirira. Zonse zasamuka malo. Nyimbo ndazipeza, Ambuye atamandike. Ndadina yoyamba: kamzere kakuyenda, manambala akuwerenga, mawu zii. Ngati kumuona pawindo la chapa, kaminibasi kaja, pakamwa pakugwedezeka, chapayo n'kumapita.

Lachitatu, 12 Junho

Kuzimitsa, kuyatsa. Kasanu ndi kawiri. Ulendo wachinayi yauma gwa, kamuvi osasuntha. Kuzizira kwa Junho kwafika.

Lachinayi, 13 Junho

Ndakalapa. Ndafotokoza zonse, za kabokosi zomwe. A padre akuti, "Za sistema sindidziwako, mwana wanga, koma alamu anuwo muwauze." Ndavomera ndi pakamwa pokha.

Chimene chikundiopsa n'ichi. Posenda mbatatesi ndinayesa kukumbukira mawu ake pandekha, ndipo sanabwere. Nkhope ikubwera, jekete lake lobiriwira likubwera, koma liwu ayi. Miyezi khumi ndakhala ndikudalira makina, mutu n'kusiya ntchito. Tinakumana tili ana ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndinamudziwa ndi liwu ndisanamuone, akuimba kuseri kwa mpanda wa udzu. Lero masiku atatu okha ndamutaya?

Anthu amene anatulutsa chinthu chosatha kupsachi ndawanenera mawu oipa mumtima. Ndidzalapa zimenezonso.

Lachisanu, 14 Junho

Ndainyamula m'kapulana momwemo kupita kwa a Saide, mnzake wa Calisto wokonza makomputadora kuseri kwa msika. Ndapeza potseka. Mutu wanga! Lachisanu masana ali ku mzikiti. Pobwerera ndinadutsa mzere wa nyemba osaganiza, kumene amagulitsa alamu. Ndinayang'ana kumbali n'kufulumira. Sindikudziwa ngati anandiona.

Loweruka, 15 Junho

Anandiona.

Ndiyambe ndi a Saide. Anaitsegula, n'kupukusa mutu. "Dona Perpétua, mwaika yatsopanoyi? Malemu akanakulandani mbewa m'manja." Anafufuza pa tsamba pomwe ogwiritsa ntchito sistemayi amakadandaulira. Akuti sindili ndekha, anthu oposa mazana awiri, wina ku Brasil, wina ku India, onse makomputadora akale ngati yathuyi, onse zii. Ndinafunsa kuti akonza liti. "Akapeza mpata, inshallah. Salipidwa anthuwa." Ndinachita manyazi ndi mawu anga a Lachinayi aja.

Kenako anawerenga za munthu wina amene analemba kuti ukalowetsa mafoni a m'makutu usanayatse, mawu amatulukira mmenemo. Anatenga awo m'dirowa. Ikuyaka choncho, pakhomo panachita mdima.

"Kapulana iyo ndi yanga, alamu."

Anaima ndi dengu lawo la nyemba, osalowa. A Saide mwadzidzidzi anakumbuka kuti akufuna tiyi, anatuluka. Ine ndinaulula zonse nditaimirira, kuposa mmene ndinaululira kwa a padre: Agosto, mfundo, kabokosi. Ndinadikira kuti anene za abale, za msonkhano, zoti ndanyoza maliro.

Koma iwo anati, "Ndiye mawu ake alimo mmenemo? Miyezi yonseyi, inu n'kumadya nokha?"

Anatula dengu. Tinakhala pa benchi, ndinawapatsa foni ya kumanzere, ine ya kumanja. Ndinadina.

Kutsokomola kaye. Kenako iye, pafupi kuposa kale lonse, m'kati mwenimweni mwa khutu. Anaimba mizere iwiri, analakwitsa, n'kuseka. "Perpétua, tatseka chitseko, mphepo ikundilanda mawu." Chimenechi ndinali ndisanachimvepo popanda mafoni: chitseko chikutsekeka, ndi ine chapatali ndikuyankha kuti tseka wekha.

Alamu anaseka misozi ili chuchuchu. "Ulesi umenewu anali nawo kuyambira ku msasa."

Chingwe cha mafoni a Saide n'chachifupi, mitu yathu inagundana. Nyimbo itatha ndinafuna kuchotsa yanga, koma anandigwira dzanja.

"Musasunthe, alamu. Bwezeraninso."