Msuzi Wotsala M'kambale

Chicago,
Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Loretta,

Moni wochokera kuno ku Chicago. Kaya muli bwanji kumeneko ku Greenwood? Nanga bondo la Amayi lija lasiya kutupa? Ine ndili bwino, kungoti mphepo yayamba kale kuluma, ndipo jekete munandipatsa lija laduka zipi. Kuchipatala ntchito ndi yomwe ija, kuimirira tsiku lonse.

Mukudziwa kuti chiyambire nkhani ya ukwati wanga ndi Desmond, amayi ake, Mayi Whitfield, sanandisekererepo. Amandipatsa moni ngati munthu wodzawerenga mita ya magetsi. Desmond ndi mwana yekhayo, ndipo anandiuza poyera kuti amayi ake akapanda kuvomera, tsiku la ukwati sitingalitchule. Ndiye mayiwo ndi amuna awo atatiitana Loweruka lapitali kukadya kulesitilanti yapamwamba pakati pa mzinda, ndinadziwa kuti ndikukalemba mayeso. Sabata yonse ndinkaphunzira kagwiridwe ka mafoloko, ine mwana wa pakhonde!

Achemwali, tikafike, malowo ndi a zakudya zakwathu. Zomwezi: mlamba wokazinga, therere, mbatata, chigumu, masamba a kolad onga repu aja ophikira nyama ya nkhumba yowamba. Koma kanthuli ka mlamba anakaika pakati pa chimbale, kaduwa pamwamba, ndipo mtengo wake ndisatchule, Amayi angakomoke. Bambo woperekera zakudya, wa tayi wake bwinobwino, anayamba kundifotokozera kuti therere ndi chiyani. Ndinangogwedeza mutu mwaulemu.

Ndinadzigwira ndithu mpaka pamasamba. Aliyense anali ndi kambale kake, ndipo titatha kudya pansi panatsala msuzi uja, wobiriwira, timafuta tikuyandama. Woperekera uja anatenga ka Mayi Whitfield, anatenga ka amuna awo, nkufika pa kanga. Dzanja langa silinandifunse. Ndinangozindikira ndakagwira kambaleko, mkamwa mwanga mukutuluka mawu a Amayi enieni: "Iyayi bambo, mukupita nako kuti? Mulitu msuzi umu!"

Anthu a matebulo oyandikana anacheuka. Desmond anandiponda phazi pansi pa tebulo. Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana, ndipo mumtima ndinati ukwati uja wathera pano. Koma madzi akatayika saoleka. Ndinatenga chigumu changa, ndinachinyenyera mumsuzimo, nkuyamba kudya ndi zala monga timachitira kwathu. Ndinati ngati akundikana, andikane nditakhuta.

Mayi Whitfield anandiyang'anitsitsa osaphethira. Kenako anakodola woperekera uja nkumuuza kuti awabwezere kambale kawo. Iye anapepesa kuti zotsalazo zatayidwa kale. Pamenepo mayiwo anavula mphete, anaiika pambali, anasendeza mpando nkunena kuti, "Mwanawe, tabwera nayo kuno mbaleyo, usamalize wekha."

Bambo Whitfield anaseka mpaka kutsamwa. Akuti zaka zonsezi akhala akuwapezerera akazi awo ali chiimire kukhitchini, chitseko chotseka, akudya zomwezo ngati akuba m'nyumba mwawo momwe. "Lero wagwidwa, Vernetta!" Mayiwo anawayankha kuti atseke pakamwa mano oikirirawo asanagwere mutiyi.

Kenako anatiuza kuti iwo anabadwira ku Belzoni, pafupi ndi kwathu pomwepo. Anabwera kuno pasitima ali kamwana. Kusukulu anzawo ankawanena kuti ndi mbuli yakumudzi, ndipo amayi awo anawalumbiritsa kuti asadzadyenso ndi zala pamaso pa anthu. Akuti ndi chifukwa chake ankandizizirira: ndikalankhula, ankamva kwawo komwe anaphunzitsidwa kubisa. Desmond anangoti kukamwa yasa, poti amayi akewo anali asanawaonepo chonchi. Ine misozi inalengeza, achemwali. Ndinawamvera chisoni, komanso mtima wanga unakhala pansi.

Mayi Whitfield atalawa anakwinya nkhope nkudandaula kuti chigumucho athiramo shuga, chasanduka keke. Anandifunsa ngati Amayi amathira shuga. Ndinawauza kuti munthu wotero Amayi angamuthamangitse pakhomo ndi tsache. Anaseka, koyamba chiwadziwireni, ndipo pomwepo ananena kuti mwezi wamawa, pa chikondwerero cha Kuthokoza, akufuna kubwera ku Greenwood kudzaonana ndi Amayi kuti agwirizane tsiku la ukwati.

Tsono pempho langa ndi ili. Amayi ndimawadziwa: akangomva, adzati khonde linapendekeka, mbale zawo nzosafanana, anthu a ku Chicago asabwere. Akakana, zonse zibwerera m'mbuyo, ndipo mayi uja adzavalanso mphete yake. Inu amakumverani. Pitani mukakhale nawo pansi bwinobwino muwanyengerere. Asabwereke mbale za amayi abusa, asagule chilichonse cha m'sitolo. Masamba akuseri kwa nyumba aja asiyidwe kuti chisanu chiwamenye kaye, azune. Chigumu chiphikidwe m'chiwaya chakuda chija.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Cleon, muwauze kuti khondelo lili m'manja mwawo, atenge hamala. Moni kwa ana anu Tasha ndi Marcus, kwa azakhali a Ozella ndi amalume a Purvis. Amayi muwakumbatire m'malo mwanga, ndipo muwauze kuti tsikulo aphike mumphika waukulu uja. Kukubwera mlendo amene wakhala moyo wake wonse akudyera msuzi kuseri kwa chitseko, ndipo ndikufuna adzaudyere pakhonde pathu, atakhala pansi.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Charlene