Chulu cha kumunsi kwa sukulu

Bangwe,
Limbe.

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi moni, ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi ababa. Mwendo uja ukutupabe? Ife kuno tilipo. Comfort anadwala chifuwa koma tsopano wayamba kusewera. Bambo ake akadali pa ulonda paja ku Limbe, amachoka dzuwa lisanalowe n'kubwera m'mawa kudzagona.

Amayi, kalata iyi akuwerengereni achemwali Elenala, muli awiri basi. Asaigwire ababa kapena achimwene. N'chifukwa chake sindinaimbe, poti foni imakhala m'thumba mwa ababa. Ndapatsira mayi Latifa, aja amabwera ndi matemba kumsika wa Limbe. Pepani zolembazo zapindika, ndikulembera pabondo iwo akundidikira.

Mayi Latifa ndiwo andiuza za sukulu yathu. Akuti malo onse a kumunsi, kuyambira pamjigo mpaka kudambo, apatsidwa kwa a Bizweki a chigayo cha mpunga. Amangapo chigayo chachikulu, nyumba yosungiramo matumba, ndi bwalo lasimenti loyanikapo mpunga. Iwo azilipira lendi kusukulu, ndipo lendiyo ndi imene imangire makalasi atsopano ndi zimbudzi.

Musaganize kuti ndikudana nazo. Sukulu imeneyo ndikuidziwa ine. Ndinasiyira Sitandade 6 m'kalasi lija la mng'alu woti mbuzi n'kulowera, mvula ikabwera tonse kuunjikana pakona imodzi, makope m'malaya. Ana a achemwali akukhala momwemo mpaka lero, khoma likuwayang'ana. Nditamva ndinakondwa ndithu.

Koma dzulo bambo a Comfort anandionetsa chithunzi pafoni, chimene anawatumizira anzawo a kumudzi. Ayezamo kale n'kukhoma zikhomo zopaka penti yofiira. Amayi, chulu cha bwemba chili mkati mwa zikhomozo.

Mayi Latifa akuti pamsonkhano a Fanuelo, apampando a komiti ya sukulu, anafunsa bwinobwino ngati pamalopo pali manda kapena china choletsa. Akuti anabwerezanso funsolo. Azibambo anayankha kuti manda ali kwawo kumsitu, apa ndi pathengo chabe podyera mbuzi. Azimayi onse anangowerama. Akuti inunso munalipo, munkangokonza mpango kumutu. Sindikukudzudzulani ayi. Ndikudziwa kuti za nthayo, ana opita padera, sitinena pamaso pa amuna, ndipo ine ndikanakhalapo bwenzi nditaweramanso. Koma azibambowo anaona ngati mwavomera, n'kuwomba m'manja. Amunawo sananame, sakudziwa. Adziwa bwanji poti sitiwauza?

Mwana wanga woyamba uja, amene anabadwa osalira, munakamuika inu ndi azakhali ndi azamba, ine ndili chigonere pamphasa. Munati mayi wake sapita, sindinapite. Munati ndisalire ndingatseke njira ya ena obwera, sindinalire. Malo simunandiuze. Koma pobwera ndinamva azakhali akudandaula kuseri kwa nyumba kuti dothi la pachulu linali gwa, ndipo mizu ya bwemba inawavuta. Munkayesa ndagona. Kuyambira tsiku limenelo ndikamapita kumjigo ndinkazungulira njira ya kubwalo la mpira.

Ndipo munandiuza nokha kuti nthayo sakumbira mozama, dzenje lake silifika ndi m'bondo momwe, chifukwa akaizamitsa mayi wake saberekanso. Ndiye kuti mwanayo ali pamwambamwamba, Amayi. Khasu lenileni likhoza kumupeza. Nanga thirakitala?

Pali china chimene sindinakuuzeni. Ndili ndi pakati. Ndimafuna ndidzakuuzeni pamaso, koma zafika apa. Kusikelo ndinayamba, anamwino anati zonse zili bwino. Kutchalitchi kuno amatiuza kuti zamakolo zoterezi tisamaziope. Kaya. Ine ndikangoganiza simenti itathiridwa pamwamba pake, yolemera, matumba a mpunga atasanjikizana, ndimaopera mwana ali m'mimbayu. Kodi kumeneko si kumuzamitsa komwe munkanena kuja? Ndipo ngakhale zitakhala kuti sizoona, ndi mwana wanga. Sindikufuna makina amutulutse ngati mwala, anyamata aganyu n'kumafunsana kuti kodi ndi mafupa a chiyani.

Kuno ndilibe woti ndimuuze. Azimayi a pampanda pano ndi abwino, koma aliyense ndi wa kwawo, pampopi timangokamba za makala ndi madzi kuti asiya liti. Bambo a Comfort ndinawayesa. Ndinangoti bwenzi chulu chija atachisiya. Anaseka n'kunena kuti chulu ndiye chiyambe kugumulidwa, poti dothi lake ndi la njerwa zabwino, n'kundifunsa ngati ndikulira ngumbi za pamenepo, kuti andigulira za pamsika. Ndinaseka nawo. Ndikanatani? Iwo amadziwa kuti tinapita padera, koma sanafunsepo kuti munakaika kuti, ndipo ine pakamwa panga sipatseguka.

Masana iwo akagona ndimatuluka ndi Comfort kuti asawadzutse, timakakhala pamwala kuseri kwa bafa. Kuno kulibe poti maso n'kupumira ngati kwathu, ukaima pamtunda n'kuona madzi a m'nyanja mpaka kuchilumba cha Chisi. Ndi malata okhaokha ndi fumbi. Comfort amandifunsa kuti ndikuyang'ana chiyani, ndimamuuza kuti ndikuyang'ana kwa agogo.

Pempho langa ndi limodzi. Chonde mupite kwa mayi Madalitso, aja amaimira gulu la amayi mu komiti ya sukulu. Musapite nokha. Pachulu paja sipali wanga yekha, inu mukuwadziwa kuposa ine amene ali ndi awo pamenepo. Mutengane ndi azakhali ndi ena amene angalimbe mtima. Mayi Madalitso akamva, mupite nawo kwa akazi awo a Bizweki. Ndi mayi ameneyo, anaberekapo, amva. Iwo adziwa mmene angawauzire amuna awo m'nyumba popanda kutchula dzina la munthu. Mwambo suthyoka, nkhani iyenda mwa azimayi okhaokha mpaka pakhomo penipeni.

Sitikupempha kuti aleke chigayo kapena kuti makalasi asamangidwe. Angozula zikhomo za mbali ya kudambo, azikhomere chakuno, chulu ndi bwemba zitsale kunja. Ndi kamalo kochepa. Mpunga wawo udzauma ndithu.

Musachedwe, Amayi. Akuti thirakitala ibwera anthu akangotha kumweta mpunga ku sikimu ya Likangala, ndipo mayi Latifa akuti ena ayamba kale kupuntha. Ndikudziwa kuti mwendo ukukuvutani, mwina achemwali akukwezeni panjinga. Ababa akafunsa mungoti ndi za azimayi, safunsanso kawiri.

Zikakanika mundiuze msanga. Ndibwera ndekha ndi mimba yangayi, ndikakhale pachulupo, ndinene pamaso pa a Fanuelo ndi amuna onse. Anthu adzati tawuni yandipengetsa, ndipo inu mudzachita manyazi chifukwa cha ine. Sindikufuna zifike pamenepo.

Mundiperekere moni kwa ababa, muwauze kuti mdzukulu wawo amawatchula. Moni kwa azakhali, kwa achimwene ndi alamu, ndi kwa amalume ku Chisi ngati awoloka. Achemwali Elenala, zikomo powerenga, mukatha muiponye pamoto. Mu jumbo muli sopo ndi shuga pang'ono, mugawane.

Mayi Latifa akamabwereranso ndi matemba muwapatsire yankho. Achemwali alembe ngati zikhomo zasuntha. Alembenso chinthu chimodzi chimene sindinayambe ndakufunsanipo: munamuika mbali iti ya bwemba, ya kunyanja kapena ya kusukulu? Ndikadzabwera ndikufuna ndidzafike pafupi, koma ndisadzamuponde.

Ndine mwana wanu wakutali,
Sophia.