Kodi Zeus Amagona?

Raymond 07:52
ndafika ku plateau amake mary. chifunga chokhachokha. paper yanga ndi 11 koloko

Brenda 08:03
mnzanga zuleka ali konko, wanditumizira program ya conference yanuyo

Brenda 08:03
"kodi milungu ya agiriki imagona? wolemba raymond matewere"

Brenda 08:04
mutu wa dissertation yanga umenewu a raymond

Raymond 08:19
tikambirana kunyumba pls

Brenda 08:20
ndatsegula sutikesi. file yanga ya blue mulibe

Raymond 08:31
zinangokhala zaka 6 njenjete zikudya. ndazikonza, ndawonjezera zambiri. zeus si wa munthu mmodzi

Brenda 08:36
🎤 voisi 0:48
Mwawonjezera chani? Zoti Hera ananyengerera Tulo kuti amugoneke mwamuna wake Zeus, nkhondo n'kutembenuka iye ali mkonono, ndinakufotokozerani ndine, pa kachipinda kaja ka ku Zakazaka. Munaseka. Munati mulungu wogona ndi mulungu wanji, ukalembe zanzeru. Ndinati Tulo nayenso ndi mulungu, mchimwene wake wa Imfa, ndiye amene amagonja kwa Tulo sangakhale wamphamvu zonse. Zimenezo ndi zanga. Ndine ndinazipeza.

Raymond 08:50
paper ikayenda bho andipatsa promotion. phindu ndi la tonse, iwe, ine, mary

Brenda 08:52
dzina langa lilipo?

Raymond 09:10
mu footnote ndathokoza banja langa

Brenda 09:11
kkkk banja

Brenda 09:14
mimba itaoneka 4th year munati bereka kaye udzamaliza. inu munamaliza. ine ndili pano pa chinamwali kupanga photocopy ma dissertation a ana a eni

Brenda 09:15
mukanangondipempha. mwina ndikanavomera

Raymond 09:40
sorry. aitana tea

Brenda 10:58
munene dzina langa musanayambe. basi. sindikupempha china

Brenda 11:26
zuleka akuti simunanene. akuti anthu awomba mmanja kwambiri

Raymond 11:34
brenda uli pa foni?

Raymond 11:34
prof wina wa ku ghana wafunsa funso. ndati ndiyankha onse akatha kufunsa

Raymond 11:35
akuti milunguyi ilibe magazi ngati athu, sikalamba, siifa. ndiye tulo ndi ta ntchito yanji kwa iyo? agiriki anaipatsiranji bedi?

Raymond 11:35
mu file mulibe zimenezi

Raymond 11:36
📞 missed call

Raymond 11:36
📞 missed call

Raymond 11:37
amake mary chonde. a dean akhala kutsogolo penipeni. line imodzi yokha

Brenda 11:38
funso labwino. a supervisor anga anandifunsanso lomwelo

Raymond 11:38
unayankha chani??

Brenda 11:39
ndinaliganizira miyezi itatu. yankho ndinalipeza, ndipo ndi lokoma

Raymond 11:39
eya nena

Brenda 11:40
linali la chapter 4. tsiku loti ndiyambe kulemba ndinali mu labour ward

Raymond 11:40
brenda kwatsala munthu mmodzi

Raymond 11:41
ndinena dzina lako. ndalumbira

Raymond 11:41
brenda

Brenda 11:43
kwabwera customer